Makina otsukira dongo lopangira simenti: pomwe akuthandiza ndi pomwe akungomwa madzi

Makina omwe tikuwaunika pano amagulitsidwa ngati seti imodzi. Mumapezamo thanki yosungunulira dongo yokhala ndi zopalasira zozungulira, sefa yogwedezeka, pampu ya matope, ma hydrocyclone angapo (zida zolekanitsa mchenga ndi dongo pozunguza matope), thanki yodikhitsira matope, ndi filter press yofinyira madzi. Makampani ambiri opanga zida za m'migodi ali nayo seti yotereyi, ndipo ngakhale mayina asiyane, kagwiridwe kake ndi kamodzimodzi. Ogulitsa amalonjeza kuti dongo losauka, lomwe fakitale ya simenti ikanalikana, lidzatuluka lili loyenera kuwotchedwa n'kulowa m'malo mwa gawo lina la klinka, timibulu towotchedwa mu ng'anjo tomwe timaperedwa kukhala simenti. Chigamulo chathu tinene pachiyambi pomwe. Lonjezoli ndi loona pa mtundu umodzi wa dongo, lija lomwe lasaukitsidwa ndi mchenga wokhakhala. Pa dongo lina, makinawa amangosandutsa dothi louma kukhala matope, inu n'kulipiranso kuti liume.

Chomwe chachititsa kuti dongo lifunidwe chotere ndi klinka. Klinka imapsa pa madigiri pafupifupi 1450, ndipo toni iliyonse imatulutsa makilogalamu oposa 800 a mpweya wa carbon dioxide, wambiri mwa iwo wochokera mu mwala wa laimu weniweniwo ukamasweka ndi moto. Simenti ya LC3, yomwe anaikonza akatswiri a ku yunivesite ya EPFL ku Switzerland motsogozedwa ndi Karen Scrivener, pamodzi ndi gulu la Fernando Martirena ku Cuba ndi anzawo a ku India, imadula klinka kufika theka. Msakanizo wodziwika ndi klinka 50 peresenti, dongo lowotcha 30, mwala wa laimu wopera 15, ndi jipisamu 5. Ku Ulaya muyezo wa EN 197-5 wa mu 2021 unalola simenti yokhala ndi klinka yochepa chonchi, ndipo ku Colombia kampani ya Argos inayamba kuwotcha dongo pa fakitale yake ya Rioclaro mu 2020. Ndiye msika ulipo, vuto ndi dongo.

M'dongo si zonse zimagwira ntchito. Yomwe imafunika kwenikweni ndi kaolinite, umodzi mwa mitundu ya tinthu tosalala topanga dongo. Ikatenthedwa pakati pa madigiri 400 ndi 650 imataya madzi omangika m'kati mwake, pafupifupi 14 peresenti ya kulemera kwake, ndipo timasamba take tosanjikizana bwino timasokonekera, n'kukhala metakaolin. Imeneyi ndi yomwe imagwirana ndi calcium hydroxide yotuluka simenti ikamagwira, komanso alumina wake amagwirana ndi mwala wa laimu uja n'kupanga timiyala totseka timipata ta m'konkire. Mchenga wa quartz uli m'dongomo sugwirana ndi kanthu. Umalowa mu ng'anjo, n'kudya moto, n'kutuluka momwe unalowera, kenako n'kukadya zitsulo za chigayo.

Kaolinite ikafika 40 peresenti, simenti ya LC3 imafanana mphamvu ndi simenti wamba kuyambira cha pa masiku 7, ngakhale tsiku loyamba imatsalira m'mbuyo. Ikapitirira cha mu 60, phindu lowonjezera limachepa kwambiri, chifukwa calcium hydroxide yoti igwirane nayo imaperewera ndipo timipata tomwe zinthu zatsopano zingamere timakhala tatsekeka kale. Izi zikukhudza kwambiri wogula makina. Simukufuna kaolin yoyera ya mapepala kapena mbale zadothi ngati yomwe amatsuka ku Cornwall ku England ndi ku Georgia ku America, komwe luso limeneli linakulira. Mukungofuna kuchoka pa 25 kapena 30 kufika pa 40 kapena 45. Wogulitsa amene akukuonetsani makina otulutsa 80 peresenti akukugulitsani chinthu chomwe simenti yanu sidzachigwiritsa ntchito.

Musanalankhule ndi wogulitsa aliyense, chitani mayeso awiri omwe safuna zambiri kupatula ng'anjo ya mu labu, sikelo yabwino ndi sefa. Oyamba ndi oyeza kaolinite. Perani dongo, liikeni pa madigiri 200 kwa ola limodzi, liyezeni pa sikelo likazizira malo ouma, kenako pa 400 ola limodzi n'kuyezanso, pomaliza pa 600 ola limodzi n'kuyezanso. Kulemera komwe latayika pakati pa 400 ndi 600, mukakuwerengera ngati peresenti ya kulemera kwa pa 200, muchulukitse ndi 7.17. Likataya 4 peresenti ndiye kuti kaolinite ili cha mu 29. Likataya 5.6 mwafika pa 40. Kuima pa 400 kuja musakudumphe, chifukwa goethite ndi gibbsite (zinthu za ayironi ndi aluminiyamu zopezekanso m'dothi) zimataya madzi awo musanafike pamenepo, ndipo mukaziphatikiza mudzadzinamiza nokha. Dziwaninso kuti illite ndi montmorillonite, mitundu ina ya dongo, zimatayako madzi pang'ono mu mpata womwewu, choncho pa dongo losakanikirana nambalayi imakwera kuposa zenizeni. Pamenepo pamafunika XRD, mayeso a mu labu ounika ndi X-ray, kuti muone zomwe zilimo.

Mayeso achiwiri ndi omwe amanena ngati makinawa ali anu kapena ayi. Viikani magalamu 500 a dongo louma m'madzi usiku wonse, takasani, kenako tsukani pa sefa ya ma micron 63 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita) mpaka madzi otuluka ayere. Umitsani zotsala pamwamba pa sefa ndi zodutsa, chilichonse payekha, muziyeze pa sikelo, ndipo zonse ziwiri muzichite mayeso a ng'anjo aja. Tiyerekeze kuti mu makilogalamu 100 a dongo muli kaolinite 28. Mukachotsa makilogalamu 40 a zokhakhala, zomwe zatengako kaolinite 3, mumatsala ndi makilogalamu 60 okhala ndi kaolinite 25, yomwe ndi pafupifupi 42 peresenti. Dongo lotere ndi lomwe makinawa anapangidwira. Koma ngati pa sefa patsala makilogalamu 8 okha, palibe chotsuka. Ndipo ngati zotsala pa sefazo zikuonetsa kaolinite yofanana ndi zodutsa, ndiye kuti si mchenga, ndi timibulu ta dongo tomatidwa, nkhani yomwe tibwererako.

Tsopano zida zake. Thanki yosungunulira ndi yomwe anthu amaichepetsa, chikhalirecho zonse zimadalira iyo. Hydrocyclone imasiyanitsa tinthu potengera kukula ndi kulemera, sidziwa kuti aka ndi kamchenga, aka ndi kambulu ka dongo. Dongo likapanda kusungunuka mpaka timasamba ta kaolinite tilekane, timibulu take timapita limodzi ndi mchenga ku zotaya. Maseti ambiri amabwera ndi thanki yaing'ono poyerekeza ndi pampu, ndiye dongo limakhalamo nthawi yochepa. Chizindikiro chake n'chosavuta: tengani mchenga wotuluka pansi, muufikise pakati pa zala. Ukasiya zala zoterera ndi madzi amtundu wa dongo, kaolinite yanu ikutayika.

Dothi la katondo ndi lomwe limavuta kwambiri pamenepa. Nthawi zambiri limakhala ndi kaolinite yabwino, koma ayironi amaimata kukhala timibulu tolimba tooneka ngati mchenga, tosasungunuka ndi kutakasa wamba. Limafuna chida chopekesera chotchedwa attrition scrubber, momwe matope okhuthara kwambiri, cha mu 65 mpaka 75 peresenti ya zolimba, amapekesedwa kuti tinthuto tikhulane tokhatokha. Chida chimenechi kawirikawiri sichikhala mu seti yoyambira, chimagulidwa padera, ndipo chimadya magetsi ambiri. Mukathira madzi ochuluka mmenemo sichigwira ntchito, chifukwa tinthuto timangoyandama osakhudzana.

Mankhwala omwaza dongo amathandiza. Ogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi sodium silicate, sodium hexametaphosphate ndi sodium polyacrylate, cha pakati pa 0.1 ndi 0.5 peresenti ya kulemera kwa dongo louma, madzi ali osawawasa, pH ili pamwamba pang'ono pa 7. Mlingo weniweni umapezeka poyesa m'mabotolo, kuwonjezera pang'onopang'ono mpaka matope asiye kupepuka. Mukapitirira pamenepo amayambanso kukhuthara. Choipa chake n'chakuti mankhwala omwe athandiza kumwaza dongo kumayambiriro ndi omwewo amakaniza dongo kudikha kumapeto, ndiye mumafunikanso ena olisonkhanitsa. Madzi akamazungulira kubwerera ku thanki yoyamba amanyamula otsalira a mankhwala achiwiriwa, ndipo dongo limayamba kuundana pamalo pomwe mumafuna limwazike. Ogulitsa sakonda kuitchula nkhaniyi, koma ndi yomwe imachititsa kuti makina omwe anayamba bwino azibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono popanda chosweka chilichonse.

Sefa yogwedezeka ilibe zambiri zonena. Imachotsa miyala, mizu ndi zinyalala, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuteteza ma hydrocyclone kuti asatsekeke. Ikang'ambika pang'ono mudzadziwira ku ma hydrocyclone.

Hydrocyclone yeniyeniyo ndi chida chabwino, ndipo pa seti yonseyi ndi yomwe tikuiyamikira popanda kukayika. Ilibe chozungulira m'kati. Matope amalowa cha m'mbali ndi mphamvu ya pampu, nthawi zambiri pakati pa bar 1 ndi 3 (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira madzi), n'kuzungulira mwaliwiro. Zokhakhala zimakankhidwira kukhoma n'kutsikira ku kakamwa ka pansi kotchedwa apex, pomwe zosalala zimakwera ndi madzi kudzera pa kapaipi ka pakati kotulukira pamwamba. Yaikulu, ya mamilimita 250 kapena kuposa, imadula cha pa ma micron 40 mpaka 50 ndipo imanyamula matope ambiri. Yaing'ono ya mamilimita 50 imadula cha pa 10 mpaka 15, koma mumafunika zambiri zolumikizidwa pamodzi, ndipo kakamwa kake kamatsekeka ndi kanthu kakang'ono kalikonse. Pa dongo la simenti, yaikulu yotsatiridwa ndi yapakatikati imakwanira nthawi zambiri.

Woyendetsa makina aziyang'ana zotuluka pa kakamwa ka pansi. Ziyenera kutuluka momwazika, mwa ambulera yotseguka pang'ono, pakati pali kampata ka mpweya. Zikayamba kutuluka chingwe chokhuthara, kakamwako kalemedwa, ndipo mchenga womwe walephera kutsika ukukwera kupita ku dongo lanu labwino. Zikamwazika kwambiri zili zamadzimadzi, kakamwako ndi kakakulu kapena kadyeka, ndipo madzi ambiri akutulukira pansi atanyamula kaolinite. Quartz imadya kakamwaka mosalekeza, choncho sankhani ka ceramic kapena polyurethane yolimba, muzikayeza kukula kwake kawirikawiri, ndipo mukhale ndi tina tosungira. Matope olowa asakhuthare mopitirira. Cha pakati pa 15 ndi 25 peresenti ya zolimba ndi poyambira pabwino. Mukakhutharitsa pofuna kusunga madzi, tinthu timalephera kuyenda momasuka ndipo mchenga wosalala umadutsa. Pampu nayo ikamakoka mpweya chifukwa thanki yake yatsika, mphamvu imadumphadumpha ndipo kudula kumasokonekera nthawi yomweyo.

Pali zinthu zomwe hydrocyclone singachite ngakhale muisamale bwanji. Singasiyanitse kaolinite ndi illite kapena montmorillonite, chifukwa zonse ndi zosalala, ndipo montmorillonite ndi yosalala koposa. Mukatsuka dothi la makande, lija lotupa likanyowa n'kung'aluka likauma, mumangounjika montmorillonite ku dongo lanu, matope n'kukhala phala losayenda m'mapaipi ngakhale zolimba zili zochepa. Timasamba ta mica nato, chifukwa ndi tathyathyathya, timakwera ndi madzi ngakhale tili tokulirapo. Quartz ikakhala yosalala kwambiri, pansi pa ma micron 20, kuichotsa kumafuna ma hydrocyclone ang'onoang'ono ambiri ndipo kaolinite yotayika imachuluka. Illite ndi montmorillonite zikawotchedwa zimagwirako ntchito, koma mochepa, ndipo zimafuna moto wokwererapo, cha mu 800 mpaka 900, pafupi kwambiri ndi pomwe dongo limayamba kupsereratu n'kutaya mphamvu.

Pomwe seti imeneyi imagwa ndi pa madzi. Dongo silifuna kulekana ndi madzi. Thanki yodikhitsira imakhutharitsa matope pang'ono chabe, ntchito yaikulu imatsalira filter press, ndipo zibuma zotuluka mmenemo zimakhalabe ndi chinyezi cha 25 mpaka 35 peresenti. Tiwerengere. Chibuma cha chinyezi cha 30 peresenti chili ndi makilogalamu pafupifupi 430 a madzi pa toni iliyonse ya dongo louma. Kuphwetsa kilogalamu imodzi ya madzi kumafuna ma megajoule 2.26, ndiye pamenepo ndi ma megajoule pafupifupi 970, tisanawerengere moto wotayika. Dongo lokumbidwa lili ndi chinyezi cha 15 peresenti likanafuna cha mu 400 okha. Poti klinka imadya ma megajoule oposa 3000 pa toni, dongo lotsukidwa limakhalabe pansi pake, koma mpata womwe unakukopani umachepa ndithu. Mbali ina, simukuwotchanso mchenga womwe mwachotsa uja, ndipo pa dongo lamchenga wambiri izi zimabweza zambiri. Mawerengero awiriwa muwaike pa pepala limodzi, pa toni ya kaolinite yowotchedwa osati pa toni ya dongo.

Filter press ndi yomwe imachedwetsa mzere wonse. Dongo likasalala kwambiri nsalu zake zimatsekeka, nthawi yofinya imatalika, ndipo zibuma zimatuluka zolimba kunja koma zamadzi pakati. Montmorillonite yochepa chabe imakwanira kuchititsa zimenezi. Wogulitsa akamanena matani pa ola, mufunseni kuti ndi a hydrocyclone kapena a filter press, chifukwa nambala ziwirizi zimasiyana kutali. Pomwe pali kutentha kotayika kochokera ku ng'anjo ya klinka, kapena nyengo youma ndi shedi yaikulu yoyanikira, vutoli limachepa. Pomwe madzi ndi osowa, kapena palibe malo a dziwe la matope otsalira, seti imeneyi si yanu.

Dongo lotsukidwa limasinthanso khalidwe kutsogolo. Ng'anjo yozungulira imalandira zibuma, koma ziphwanyidwe zikhale zofanana kukula, apo ayi zazikulu zimatuluka zosapsa pakati pomwe zazing'ono zapserera. Ng'anjo ya flash calciner, yomwe imawotcha m'masekondi ochepa, imafuna ufa wouma, ndiye chowumitsira ndi chophwanyira n'zosathawika. Kutentha koyenera kaolinite ndi pakati pa madigiri 700 ndi 850. Mukapitirira 900 metakaolin imayamba kusandukanso timiyala tosagwira ntchito. Ayironi amakonda kutsatira zosalala, choncho dongo lofiira limatuluka lofiira kwambiri likatsukidwa, ndipo ogula simenti ambiri saikhulupirira simenti yofiirira ngakhale mphamvu yake ili bwinobwino. Mtunduwu amaukonza powotcha ndi kuziziritsa dongo pamalo operewera oxygen, kuti hematite yofiira isanduke magnetite yakuda. Likakumana ndi mpweya lidakali lotentha limafiiranso. Calcite yosalala, ngati ilimo, kutsuka sikuichotsa, ndipo pa moto wokwera imagwirana ndi dongo n'kulichepetsa mphamvu. Pyrite yosalala nayo imakatulutsa utsi wa sulfure mu ng'anjo.

Mu simenti, dongo lolemera ndi losalala limamwa madzi ambiri ndipo limadya mankhwala ofewetsa konkire, makamaka a mtundu wa polycarboxylate (PCE). Limafunanso kuti jipisamu iunikidwenso. Ikaperewera, alumina amathamanga kugwira nthawi isanakwane ndipo mphamvu ya tsiku loyamba imagwa, anthu n'kumanena kuti dongo ndi loipa pomwe vuto ndi jipisamu. Pa calorimeter, chida choyezera kutentha kotuluka simenti ikamagwira, nsonga ya kutentha kwa aluminate iyenera kubwera pambuyo pa nsonga ya silicate, zisaunjikane. Ubwino woonekeratu wa kutsuka uli pa chigayo: quartz ikachepa, zitsulo zimakhalitsa. Komabe klinka ndi yolimba kuposa dongo ndi mwala wa laimu, ndiye kupera zonse pamodzi kumasiya klinka yokhakhala pomwe zofewazo zasalala mopitirira. Kupera padera n'kusakaniza pambuyo pake ndi kwabwino ngati fakitale ingathe.

Njira zina zilipo, ndipo ziwiri mwa izo ziyesedwe musanagule makina amadzi. Yotsika mtengo kuposa zonse ndi kukumba mosankha ndi kusakaniza. M'dzenje limodzi kaolinite imasiyana kuchokera pamwamba kupita pansi, ndipo dongo la 30 peresenti likasakanizidwa theka ndi theka ndi la 55 limafika pa 42.5 popanda dontho la madzi. Ina ndi kusiyanitsa ndi mphepo: kuumitsa dongo, kuliphwanya mosapera quartz, n'kulidutsitsa mu chida chopeta ndi mphepo chotchedwa air classifier. Sikudula bwino ngati madzi, chifukwa dongo lina limakakamira pa mchenga, koma poti dongo liyenera kuuma ndithu lisanawotchedwe, simuwonjezera chinyezi chilichonse. Pa dongo la illite ndi montmorillonite pali njira yopera mwamphamvu kwambiri mpaka timasamba tisokonekere popanda moto, koma imadya magetsi ochuluka ndipo idakali yatsopano m'mafakitale. Ndipo dongo la 30 peresenti si lotayika ayi. Limatha kulowa mu simenti yosunga klinka yambiri, cha mu 65 peresenti, popanda kulikonza konse.

Amene angapindule ndi seti yotsukira ndi amene ali ndi dongo la kaolinite lokhala ndi mchenga wokhakhala wosamatika, cha mu gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa, ali ndi madzi okwanira, kutentha kotayika koumitsira, komanso kopita mchenga wotsukidwawo, popeza ukayera bwino umagwira ntchito ya zomangamanga ndipo umabwezako ndalama. Zitsulo zake n'zodalirika, luso lake ndi lakale, ndipo zomwe zimadyeka ndi zodziwika: kakamwa ka hydrocyclone, m'kati mwa pampu, ndi nsalu za filter press.

Ngati muli m'gulu limeneli, musasaine kanthu wogulitsa asanayese dongo lanu lenileni pa makina ake ang'onoang'ono, ndi zitsanzo zochokera malo ndi kuya kosiyanasiyana m'dzenje, osati thumba limodzi losankhidwa bwino. Akupatseni kaolinite yolowa, yotuluka ndi yotayika mu mchenga, chinyezi cha zibuma, nthawi ya kufinya kumodzi, madzi atsopano ofunika pa toni, ndi mlingo wa mankhwala onse awiri madzi atazungulira kangapo. Dongo lotulukalo liwotchedwe n'kuyesedwa ndi mayeso a R3 a mu ASTM C1897, omwe amayeza kutentha kotuluka kapena madzi omangika pa madigiri 40 kwa masiku 7, kenako mphamvu ya matope a simenti pa masiku 2, 7 ndi 28, jipisamu itakonzedwa. Dongo losatsukidwa liyesedwenso chimodzimodzi pambali pake, chifukwa kusiyana kwa ziwirizi ndi komwe mukugula.